Ntchito yofufuza ululu wa njoka ndi zinkhanira: polowera kwa ife tili kunja

Abale a ku Nkhotakota ndi Salima amene muli ku Johannesburg, Glasgow kapena Brisbane, ambiri mwa inu muli ndi digiri ya pharmacy, biology kapena chemistry imene yangogona m'sutikesi uku mukusamalira nkhalamba kapena kupanga mashifiti a usiku. Pali ntchito imene mapepala amenewo angakulowetseni, yofufuza ululu wa nyama kuti mupezeke mankhwala. Anthu akamva amaganiza kuti ndi yogwira mphiri ndi manja. Ayi ndithu, ambiri oigwira amatha chaka osaona njoka yamoyo. Ululu umabwera wouma ngati ufa m'kabotolo kochepera chala, n'kusungidwa m'firiji yozizira kwambiri.

Ululu ndi msakanizo wa mapuloteni ndi timapuloteni tating'ono tambirimbiri, ma peptide. Ambiri amakagwira pa ma ion channel, timakomo ta pakhungu la selo timene timatseguka ndi kutseka kuti sodium, potassium kapena calcium adutse. Zili ngati zitseko za ngalande kumpunga wa ku Bua: chimodzi chikakanirira, munda wina umasefukira wina n'kuuma. Mtsempha umatumiza uthenga wa kupweteka, mtima umagunda, minofu imakokana chifukwa cha timakomo timeneti. Peptide ya m'ululu imatha kutseka kakhomo kamodzi mosaphonya, ndipo kusaphonyako n'kumene opanga mankhwala amakusirira.

Zipatso zake mwazigwirapo kale. Captopril wa BP anachokera ku kafukufuku wa Sérgio Ferreira pa njoka ya ku Brazil yotchedwa jararaca, ndipo analoledwa ku America mu 1981. Exenatide wa shuga anachokera m'malovu a buluzi wa Gila monster, analoledwa mu 2005. Pa ma ion channel penipeni pali ziconotide, wochokera ku nkhono ya m'nyanja yamchere imene gulu la Baldomero Olivera linafufuza ku University of Utah. Amatseka khomo la calcium m'mitsempha ya msana, ndipo kuyambira 2004 amaperekedwa kwa odwala amene morphine wawalephera. Njoka za kwathu nazo zili m'mabuku: dendrotoxin, amene asayansi amatsekera makomo a potassium poyesa zinthu, anapezeka mu green mamba, ndipo mu 2012 ofufuza a ku France anapeza mu black mamba ma peptide ochepetsa kupweteka otchedwa mambalgin. Mankhwala ofika kwa odwala ndi ochepa poyerekeza ndi zaka zimene zathera pa ntchitoyi, choncho wofuna kutchuka msanga asake kwina.

Chimene chimagulitsa munthu m'ntchitoyi ndi luso la manja, makamaka patch clamp, njira imene inapatsa Erwin Neher ndi Bert Sakmann mphoto ya Nobel mu 1991. Umatenthetsa kapaipi kagalasi n'kukakoka mpaka nsonga yake iwonde kuposa tsitsi kutalitali. Uli pa microscope, umatsitsa nsongayo pang'onopang'ono mpaka ikhudze selo imodzi, kenako umayamwa mpweya pang'ono kudzera m'kachubu kuti galasi limatirire pakhungu la seloyo. Likamatirira, mzere wa pakompyuta umaphwa, ndipo umayamba kuona magetsi akudutsa m'timakomo. Ukathira kadontho ka ululu wosungunula, mzere uja umatsika uli kuona. Wina akamenyetsa chitseko, selo yathawa, uyambirenso. Malabu ena amagwiritsa ntchito mazira a chule wa ku Africa wotchedwa Xenopus, ndipo kumeneko woyamba kumene amaphunzira msanga chifukwa dziralo ndi lalikulu. Onjezerani HPLC yolekanitsira ululu m'magawo, kulera maselo, ndi kuwerengera zotsatira pa mapulogalamu a pakompyuta a R kapena Python. Munthu wodziwa izi mabwana a labu samutaya.

N'chifukwa chake ine ndimati musayambe ndi kulota PhD. Yambani ndi ntchito ya research technician kapena research assistant, ngakhale ya chaka chimodzi. Mumalandira malipiro, manja amazolowera, ndipo pulofesa amene wakuonani mukugwira ntchito ndiye amalemba kalata yokuvomerezani yolemera. Musanafunsire, mapepala a kumudzi ayesedwe: ku South Africa ndi SAQA, ku UK ndi UK ENIC. Transcript ya ku KUHeS, UNIMA kapena Mzuni itanitsani lero, osadikira malonda a ntchito atuluke. Pezani m'bale woti azikayendera ku ofesi, poti imelo yokha imachedwa kuyankhidwa. Dziwaninso kuti kufufuza m'labu sikufuna kuti mulembetse ngati pharmacist wa dziko limenelo. Ndi njira ziwiri zosiyana, musawononge ndalama pa imene simukuifuna.

Za visa musamvere za pagulu la WhatsApp. Amene muli ku UK pa visa yomangidwa kwa bwana mmodzi, kusintha ntchito kumafuna sponsor watsopano, ndiye funsani ku HR ya yunivesite musanasiye kumene muli. Pa ndalama za sukulu, thandizo ngati la Commonwealth ndi Beit Trust limayang'ana amene akukhala kumudzi, ndiye werengani malamulo ake bwinobwino. Kwa okhala kale kunja, PhD yolipidwa ndiyo ya nzeru. Ku Germany, Netherlands ndi maiko a Scandinavia wophunzira PhD kawirikawiri amalandira malipiro ngati wantchito, ndipo ku UK thandizo la UKRI, bungwe la boma lopereka ndalama za kafukufuku, linatsegukira ochokera kunja kuyambira 2021, ngakhale malo ake ndi owerengeka. Malo oyambira kusaka ndi Liverpool School of Tropical Medicine, imene ili ndi likulu lofufuza za kulumidwa ndi njoka, ndi Institute for Molecular Bioscience ku University of Queensland.

Kalata yopita kwa pulofesa ikhale yaifupi. Tchulani pepala lake limodzi limene mwawerengadi, luso limene muli nalo, ndi limene mukufuna kuphunzira. Kwanu musakubise. WHO inaika kulumidwa ndi njoka pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa mu 2017, ndipo imati anthu pakati pa 81,000 ndi 138,000 amafa nako chaka chilichonse. Inu mukudziwa mmene wodula nzimbe ku Dwangwa kapena mayi wokolola mpunga ku Lifuwu amalumidwira, kuti amayamba wamanga mwendo ndi lamba n'kutemera kwa asing'anga, chipatala n'kufikako mwendo utatupa kale. Ambiri m'malabu amenewo zimenezi anangoziwerenga.

Koma chonde, wina asakutumeni kuti pobwera ku holide mutengeko ululu kapena chinkhanira m'botolo. Malawi ali m'pangano la Nagoya lokhudza kagwiritsidwe ntchito ka zamoyo za dziko lililonse, ndipo kutulutsa kunja zamoyo kapena zochokera ku zamoyo kumafuna chilolezo cha boma. Kafukufuku wa kumudzi adutse ku National Commission for Science and Technology, ndipo pakhale mnzanu wa ku yunivesite ya ku Malawi amene dzina lake lidzalembedwe papepala limodzi ndi lanu.