Momwe mungasakire chimbalangondo ndi nyambo ku Ontario chipale chikangosungunuka

Mu April, chipale chofewa chikayamba kusungunuka kumpoto kwa Ontario m'dziko la Canada, zimbalangondo zakuda zimatuluka m'maenje momwe zakhala zikugona miyezi yonse yachisanu osalawa kanthu. Zimatuluka ndi njala, ubweya uli wautali ndi wonyezimira, koma m'nkhalango simukhala chakudya chokwanira kupatula udzu wanthete ndi mitembo ya nyama zimene zinafa ndi kuzizira. Alenje akuno amadikira nthawi imeneyi. Nyengo yosaka imatsegulidwa pa 1 May n'kutsekedwa pa 15 June, ndipo ambiri amasaka ndi nyambo.

Ine ndinakulira kumene chimbalangondo tinkangochiona pachithunzi, poti mu Africa monse mulibe cham'tchire. Ulenje umenewu anandiphunzitsa ndi bambo wina wachikulire amene ndinkagwira naye ntchito kufupi ndi tauni ya Timmins, kumpoto kwa Ontario. Ndalemba izi chifukwa Amalawi tikuchuluka kuno, ndipo tsiku lina mnzanu adzakuitanirani kutchire. Alipo amene amati kusaka ndi nyambo n'kubera nyama, ndipo maganizo awo ndimawamva. Koma nkhalango yakuno ndi yowirira moti chimbalangondo chimatha kudutsa pafupi inu osachiona, kapena kungoona chinthu chakuda chikuzimirira m'mitengo. Nyambo imachiimitsa pamalo amodzi kwa nthawi yokwanira yoti muchiyang'anitsitse, mudziwe ngati ndi chachimuna kapena ndi make wa tiana. Phindu lake lalikulu ndi limenelo.

Yambani ndi mapepala

Musanagule ngakhale mgolo, chitani maphunziro a ulenje a boma la Ontario, mutenge Outdoors Card, khadi la boma la alenje ndi asodzi, kenako mugule laisensi ya chimbalangondo yomwe imabwera ndi chikalata chodzaika pa nyama mukaipha. Ngati mukufuna kugwiritsa ntchito mfuti, mufunikanso chiphaso cha mfuti chotchedwa PAL, chomwe chimaperekedwa mukakhoza maphunziro a kasungidwe ndi kagwiridwe ka mfuti. Wa uta ndi muvi safunika PAL. Mlendo amene sakhala mu Ontario amasaka kudzera mwa kampani yovomerezeka ya ulenje, osati payekha.

Malamulo amasiyana chigawo ndi chigawo. Ku Saskatchewan, Manitoba ndi Quebec nyambo amalola, koma ku British Columbia ndi yoletsedwa. Werengani buku la malamulo a ulenje la chaka chimenecho, makamaka gawo la dera lomwe mukufuna kukasakako, chifukwa zina zimasintha.

Pezani malo amene chimbalangondo chikudutsa kale

Nyambo siitana nyama kuchokera kumene kulibe. Yendani pansi kumapeto kwa April mukuyang'ana mapazi m'matope, ndowe zatsopano, zipika zogubuduzidwa pofuna nyerere, ndi mitengo yokalidwa ndi zikhadabo yomwe pamakungwa pake pamatsalira ubweya. Malo abwino amakhala pafupi ndi madzi, m'mbali mwa dambo kapena mtsinje, pomwe pali thengo lowirira loti nyama ifike ikudzimva kuti yabisala. Pamtetete chimbalangondo chachikulu sichifika kukuwala. Chimadikira mdima, ndipo mumdima simuloledwa kuwombera.

Mukapeza phazi lakutsogolo, liyezeni m'lifupi. Likapitirira masentimita 12 kapena 13, kawirikawiri mwini wake ndi chachimuna chokhwima.

Ku Ontario nyambo siyenera kukhala pafupi kuposa mamita 500 ndi nyumba ya munthu pokhapokha mwini wake atakulolezani polemba, ndipo simuloledwa kusaka chimbalangondo pafupi kuposa mamita 400 ndi dzala lotayirako zinyalala. Palinso malire a mtunda kuchokera kumsewu ndi kunjira zoyendamo anthu. Ganiziraninso msana wanu. Mudzakhala mukusenza zidebe za nyambo kawiri kapena katatu pa sabata, ndiye malowo akhale oti n'kufikika.

Konzani mgolo ndi nyambo

Tengani mgolo wa malita 200, wofanana ndi uja timasungiramo madzi kwathu, muumangirire pamtengo ndi tcheni cholimba. Chingwe sichithandiza, chimbalangondo chimadula n'kugubuduzira mgolo m'dambo. Boolani bowo m'mbali loti dzanja la nyama lingolowa, kuti izitulutsa chakudya pang'onopang'ono m'malo momaliza zonse usiku umodzi. Pabowopo tsamiritsani zipika zolemera. Ankhandwe ndi akhwangwala sangazisunthe, choncho mukazipeza zitamwazika mudziwa kuti mwini nkhalango wafika.

M'kati mwa mgolo muike chakudya chotsika mtengo koma chokhutitsa: mbuliwuli, oats, buledi ndi madonasi otsala m'mabekale, zonsezi mutathira manyuchi kapena mafuta okazingira otha ntchito omwe malo odyera amapereka ulere. Mafutawo muthirenso pansi mozungulira mgolo. Chimbalangondo chikaponda chimanyamula fungolo kumapazi n'kulifalitsa m'njira zake zonse, ndipo zinzake zimalondola mpaka kufika pa mgolo wanu.

Kuti nyama yoyamba ipeze malowo pamafunika fungo lamphamvu. Alenje akuno amakonda kupachika m'mwamba mtembo wa beaver, nyama yam'madzi ija imamanga madamu ndi mitengo, womwe amaugula kwa otchera misampha. Ena amapachika mitu ya nsomba m'thumba. Mphunzitsi wanga ankawotcha uchi m'kachitini pa kastovu mpaka utsi woyera wonunkhira utakwera n'kumamatira m'masamba.

Chokoleti musaikemo. Muli mankhwala otchedwa theobromine omwe amapha nyama zikadya wambiri. Mu 2014 ku New Hampshire m'dziko la America anapeza zimbalangondo zinayi zitafa pafupi ndi nyambo yomwe munali chokoleti chochuluka, ndipo chaka chotsatira boma la kumeneko linaletsa chokoleti pa nyambo. Mapepala apulasitiki okulungira zakudya muzichotseratu kunyumba.

Yambani kuthira nyambo masabata awiri musanayambe kudikirira, ndipo mgolo usaume. Ukakhala wopanda kanthu masiku atatu, nyama zimasamukira kwina. Muzipita nthawi imodzimodzi, masana, ndipo musanyang'ame. Zimbalangondo zimazolowera phokoso lanu ngati belu la chakudya. Mangirirani kamera pamtengo wapafupi kuti muziona amene akubwera ndi nthawi yake.

Mangani nsanja mphepo ikukukomerani

Nsanja yake ndi yofanana ndi ija yolondera anyani m'munda, kungoti yakuno ndi yachitsulo yomangirira pamtengo, mamita anayi kapena asanu kuchokera pansi. Wa uta aike nsanja mamita 15 mpaka 20 kuchokera pa mgolo, wa mfuti akhoza kutalikirako. Chimbalangondo chimadalira mphuno kuposa maso, choncho nsanja ikhale mbali yomwe mphepo imachokera ku mgolo kubwera kwa inu, komanso isauzire kunjira yomwe nyama zimalowera. Tsiku lomwe mphepo yatembenuka, musakwere. Mukangonunkhidwa kamodzi ndi chachimuna chachikulu, chimayamba kubwera pakati pa usiku mpaka nyengo kutha.

Ikani mgolo ndi zipika mwanjira yoti nyama ikamadya ikuonetseni nthiti, osati mutu kapena mbuyo. Mukakwera, dzimangirireni lamba kumtengo nthawi zonse. Popita ndi pobwerera valani chovala cha mtundu wa olenji monga lamulo likunenera, mukhoza kuchivula mukakhala pansanja. Tengani ukonde wakumutu ndi magolovesi. Kumapeto kwa May kuno kumabuka tintchentche takuda toluma mpaka magazi, pamodzi ndi udzudzu, ndipo munthu amene akudzimenya m'khosi sangakhale chete.

Dikirani, ndipo yang'anitsitsani

Kwerani cha m'ma 3 kapena 4 koloko masana. Zambiri zimachitika ola lomaliza dzuwa lisanalowe, ndipo lamulo limalola kuwombera mpaka theka la ola dzuwa litalowa. Chimbalangondo chimayenda mwakachetechete modabwitsa. Mumangoona chaima kale pa mgolo.

Pamenepa ndi pomwe anthu ambiri amalakwitsa, chifukwa chimbalangondo choyamba chomwe munthu waona chimaoneka chachikulu nthawi zonse. Mgolo wanu ukhale muyeso. Ngati msana wa nyama ukufika pafupi ndi pamwamba pa mgolo woimirira itaima ndi miyendo inayi, ndi yaikulu zedi. Yang'anani makutu: akaoneka aatali, osongoka ndi oyandikana pamwamba pa mutu, ndi kamwana ka zaka ziwiri kapena zitatu. Chachimuna chokhwima chimakhala ndi mutu wotakata, makutu ooneka aang'ono okhala cham'mbali, kamzere kolowa pakati pa chipumi, khosi lonenepa, ndi miyendo yakutsogolo yonenepa mpaka kumapazi. Chimayenda modzikoka, chosacheukacheuka. Chachikazi chimakhala ndi nkhope yopyapyala, mapewa aang'ono, mbuyo yaikulu, ndi miyendo yakutsogolo yowonda cha kumapazi. Kanyama komwe kakudya kakuyang'anayang'ana kuthengo kakukuuzani kuti pali wamkulu pafupi.

Tiana ta chimbalangondo timabadwira m'dzenje mu January kapena February, tisakufika ndi theka la kilogalamu, ndipo mu May timakhala tikuyamwabe. Make akafa, nato timafa. Vuto ndi lakuti mayiyo nthawi zambiri amatikweza mumtengo kaye, iye n'kubwera yekha pa nyambo.

Chaka changa chachiwiri ndinaziona ndi maso. Chimbalangondo chonenepa bwino chinafika chokha, n'kugona pamimba kutsogolo kwa mgolo chikukokera mbuliwuli kukamwa. Ndinali nditaika kale chala pafupi ndi chowombera. Mphunzitsi wanga, yemwe anali pansanja ina pambali panga, anangondigwira phewa. Tinadikira mphindi pafupifupi 20. Kenako ndinamva kukanda pamtengo kumbuyo kwa mgolo, ndipo tiana tiwiri tosaposa mphaka wamkulu tinatsika chambuyo, n'kuthamangira pamimba pa make. Kamodzi kanali ndi kachigamba koyera pachifuwa. Manja anga ananjenjemera mpaka mdima.

Nkhani imeneyi ndi yomwe inachititsa boma la Ontario kutseka ulenje wa nyengo ino mu 1999, anthu atadandaula za tiana tamasiye. Unabwerera mu 2014 mongoyesa m'madera ozungulira Timmins, Thunder Bay, Sudbury, Sault Ste. Marie ndi North Bay, ndipo unakhazikika mu 2021. Kupha kamwana kapena mayi amene ali ndi tiana m'nyengo imeneyi ndi mlandu wa chindapusa chofika madola 25,000 ndi ndende ya chaka chimodzi. Choncho perekani nthawi. Dikirani nyamayo iimirire kapena ikhale pansi kuti muone kumimba ngati kuli mawere otupa. Onaninso zithunzi za kamera ya masiku apitawo. Ngati mukukayika ngakhale pang'ono, isiyeni idye ipite.

Kuwombera

Mukatsimikiza kuti ndi chachimuna, dikirani chikuonetseni mbali, mwendo wakutsogolo wa mbali yanu utapita patsogolo. Lozani kumbuyo kwa phewa, pakatikati pa thupi, kuti chipolopolo kapena muvi uboole mapapo onse awiri. Ubweya wa kumimba ndi wautali ndipo umanamiza, ambiri amaloza pansi kwambiri n'kungovulaza. Mutu musalozepo. Mfuti za zipolopolo za saizi ya .308 kapena .30-06 ndi zokwanira, bola mutaziyeseza musanapite.

Mukawombera khalani pansanja, muonetsetse komwe chalowera, ndipo mutchere khutu. Nthawi zambiri chimalira kulira kotalika chikamatsirizika. Dikirani theka la ola musanatsike, ndipo ngati simukutsimikiza pomwe mwalasa, dikirani koposa. Mafuta ndi ubweya zimatseka bala, ndiye magazi pansi amakhala ochepa. Londolani muli awiri, wina maso pansi, wina maso kutsogolo. Mukachipeza, chiyandikireni chakumbuyo, muchikhudze ndi ndodo yaitali, kenako mudule chikalata chanu monga lamulo likufunira musanachisunthe.

Nyama, chikopa ndi kutseka malo

Chikopa cha chimbalangondo chimasunga kutentha ngati bulangete, ndipo nyama imaonongeka msanga. Tumbulani ndi kusenda usiku womwewo, nyama muiike pozizira. Kuisiya kuti iwole ndi mlandu. Ndulu musaichotse n'kuisunga, chifukwa ku Ontario kupezeka nayo itachotsedwa pa nyama n'koletsedwa, pofuna kuthana ndi malonda ake ozembetsa.

Nyama ya nyengo ino ndi yokoma, yopanda mafuta ambiri, ndipo yofutsa mumphika ndi tomato ndi anyezi imayenda bwino ndi nsima. Koma iphikeni ipse mpaka m'kati, madigiri 74 pa choyezera kutentha. Mu nyama ya chimbalangondo mumakhala tinyongolotsi ta Trichinella, ndipo mtundu wa kumpoto kuno suufa ngakhale nyama itaundana m'firiji. Mu 2022 anthu asanu ndi mmodzi anadwala ku America atadyera limodzi chakudya chomwe munali nyama ya chimbalangondo cha ku Saskatchewan yowotcha mosapsa, ngakhale inali itakhala youndana m'firiji masiku 45. Kanyenya wofiira m'kati ayi.

Nyengo ikatha tumizani lipoti lanu ku boma, kaya mwapha kaya simunaphe, chifukwa ndi lamulo. Ngati mwapha, mukhoza kutumizanso kadzino kakang'ono kakumbuyo kwa dzino losongoka, komwe akatswiri amawerengera zaka za nyamayo. Kenako bwererani kutchire mukamasule mgolo, tcheni ndi nsanja, mutole zotsala zonse, kuti zimbalangondo zibwerere ku nyerere ndi zipatso zam'tchire zomwe zimayamba kupsa mu July.