Kuwonjezera Mphamvu pa Kandege ka Rimoti Kophunzirira

Yambani mwayeza kulemera kwa kandege kanu batire ili momwemo. Kophunzirira kamafuna mawati 150 mpaka 200 pa kilogalamu iliyonse.

Chotsani mota ya brushed (yokhala ndi timaburashi mkati), muike ya brushless (yopanda timaburashi) ya 1000KV (yozungulira pafupifupi ka 1000 pa mphindi pa volt iliyonse), yoyendera batire ya mtundu wa LiPo ya 3S, kutanthauza ya maselo atatu (11.1V, 2200mAh). ESC (kachipangizo kolamulira liwiro la mota) yakale siingayendetse mota imeneyi. Gulani ina yokhala ndi malire a magetsi okwererapo: mota yokoka ma amp 22 (22A) imafuna ESC ya 30A.

Pulopela ndiyo imapsereza zipangizo za anthu ambiri. Ikakula, imakoka magetsi ochuluka, moti kungochoka pa 9x6 kupita pa 10x6 (nambala yoyambayo ndi kutalika kwa pulopela m'mainchesi) kukhoza kutenthetsa mota mpaka kupsa. Lumikizani wattmeter (chida choyezera magetsi) pakati pa batire ndi ESC, gwirani kandege mwamphamvu, kankhani throttle (kandodo ka liwiro la mota pa rimoti) mpaka kumapeto kwa masekondi 10, muwerenge ma amp. Akapitirira malire a mota kapena a ESC, ikani pulopela yaing'ono.

Mota ikamazungulira chobwerera, chotsani kaye pulopela, kenako musinthanitse mawaya awiri mwa atatu olumikiza ESC ndi mota.

Batire yolemera imasokoneza CG (malo amene kulemera kwa kutsogolo ndi kwa kumchira kumafanana). Isuntheni mpaka kandege kakhazikike pa zala zanu pamalo amene buku lake lanena, chifukwa kolemera kumchira sikamvera poulutsa. Ndipo musalole selo iliyonse kutsika pansi pa 3.3V, batire imafufuma n'kuwonongeka.