Kudziwa ngati sensa ya crankshaft yafa

SUV yakale ikamazima injini ikatentha, kenako n'kulira bwinobwino ikazizira, ine ndimayamba kukayikira sensa ya crankshaft, yomwe imauza kompyuta ya galimoto mmene injini ikuzungulirira. Koma musathamangire kugula ina.

Potembenuza kiyi, yang'anitsitsani singano ya RPM, yoonetsa liwiro la kuzungulira kwa injini. Sitata ikamazungulira koma singanoyo osagwedezeka n'komwe, mwina kompyuta sikulandira uthenga, ndiye situmiza moto kumapulagi. Lumikizani makina a OBD-II, owerenga manambala a zovuta zimene kompyutayo yapeza. Nambala P0335 ikaoneka pamakinawo, imaloza njira yonse ya sensayo, choncho yambani ndi mawaya, poti amapsa kapena kunyowa ndi oyilo. Kenako masulani sensa, mupukute tizitsulo tomatirira kunsonga kwake.

Sensa ya mawaya awiri muiyeze ma ohm ndi multimeter (chipangizo choyezera magetsi) idakali yotentha, muyerekezere ndi buku la galimotoyo. Ya mawaya atatu, onani ngati magetsi akufikako.