Kuchepetsa phokoso la msewu m'galimoto mosawononga ndalama zambiri

Mwafunsa za galimoto yanu imene imasokosa mukamayenda pa msewu wa M5 pakati pa Salima ndi Nkhotakota.

Konzani izi: mapepala omata a butyl (mtundu wa mphira) okhala ndi aluminiyamu mbali imodzi, siponji yosamwa madzi, sipiriti, nsanza, sizasi, sikuludiraiva ndi botolo lokanikizira.

1. Yang'anani kaye matayala ndi mphira za m'zitseko. Tayala lodyeka mbali imodzi limalira, ndipo palibe chomata chingaliletse.

2. Chotsani makapeti, tayala la sipeya ndi zophimba zitseko.

3. Palani dzimbiri, pukutani chitsulo ndi sipiriti, chiume.

4. Gogodani chitsulo ndi chala. Pamene pakulira ngati chitini, matanipo butyl. Musakute ponse ayi, ngakhale theka ndi lokwanira, chifukwa ntchito yake ndi kuletsa chitsulo kunjenjemera. Kanikizani ndi botolo mpaka mpweya wonse utuluke. Ambiri amalakwitsa apa: amagula tepi wa phula womatira malata poti ndi wotchipa. Dzuwa la Okutobala kuno kunyanja limasungunula phulalo, fungo n'kudzaza m'galimoto. Ine ndikuti bola mapepala ochepa a butyl weniweni.

5. Yalani siponji pamwamba pake, makamaka poponda mapazi ndi pa chitsulo cha pamwamba pa matayala akumbuyo, pamene timiyala timamenya.

6. Musanabwezere zophimba, onetsetsani kuti mabowo apansi pa zitseko ndi otsegula. Mukawatseka madzi a mvula amadikha m'kati, chitseko n'kuchita dzimbiri. Yesaninso ngati magalasi akukwera ndi kutsika bwino.