Utoto wa ruthenium unkakana kugwira pagalasi

Ine ndi ana a kalabu ya sayansi kuno ku Mangochi tinkapanga kaselo ka sola koyendera utoto (utoto umayamwa kuwala kwa dzuwa, kaseloko n'kutulutsa magetsi), kamtundu kamene asayansi Brian O'Regan ndi Michael Grätzel anaonetsa mu 1991. Mnzanga wa ku labu anandigawira utoto wa ruthenium, mtundu wina wa chitsulo, yozunguliridwa ndi mamolekyulu atatu otchedwa bipyridine. Utoto wake ndi wokongola, umayamwa kuwala kwa buluu, cha pa 452 nm (ma nanomita, muyeso wa utali wa mafunde a kuwala). Koma tikaviika mu utotowo galasi lopakidwa ufa woyera wa titanium dioxide n'kulitsuka ndi ethanol, linkayera mbee, mita yoyezera magetsi osasuntha n'komwe.

Ndinayamba ndanamizira chinyezi cha kunyanja. Sichinali chimenecho. Bipyridine wamba alibe dzanja logwirira pa titanium dioxide. Pamafunika ligand (molekyulu yogwira pa ruthenium, monga bipyridine) yomwe yalumikizidwa magulu a carboxylic acid pamalo 4 ndi 4'. Maguluwa amaluma ma atomu a titanium, komanso ndi njira imene elekitironi imadzera kuwala kukaitukula kuchoka pa ruthenium kupita pa ligand.

Ndinapempha utoto wina wa ruthenium wotchedwa N3, womwe uli ndi ma ligand awiri otere ndi ma ligand ena awiri otchedwa thiocyanate. Ma thiocyanate amakankhira kayamwidwe ka kuwala cha pa 530 nm, n'chifukwa chake utotowu ndi wofiira moderako. Galasi tinaliotcha pa 450 °C kwa mphindi 30, n'kuliviika lisanazizirire, kuti lisamwe madzi amumpweya. Linagona mu utotowo usiku wonse, mumdima.

M'mawa tinalitsuka, mtundu osachoka. Titalitulutsa padzuwa, mita inayenda, ana n'kuyamba kulimbirana kuphimba kaseloko ndi chikhatho.