Mmene mungadziwire ngati chipani chagawikanadi pa zisankho zachipulula za ku America

Zaka zinayi zilizonse, kuyambira Januwale kapena Febuluwale mpaka Juni, zipani za Democratic ndi Republican ku United States zimachititsa zisankho zachipulula zopezera munthu wodzaziimira pa mpando wa pulezidenti. Nyengo imeneyi ikafika, nkhani zimakhala zomwezomwezo: ovota agwa mphwayi, chipani chang'ambika pakati. Zina mwa nkhanizi zimakhala zoona, zambiri ndi phokoso la kampeni chabe. Kuti musiyanitse, siyani zokamba za pa nsanja, muyang'ane malamulo ndi manambala.

Yambani ndi nthumwi, mavoti pambuyo

Pa chipulula anthu savotera mtsogoleri mwachindunji. Mavoti awo amagawa nthumwi, ndipo nthumwizo ndi zimene zimakasankha mtsogoleri ku msonkhano waukulu wa chipani mu Julayi kapena Ogasiti. Mu 2016 wa Republican ankafunika nthumwi 1,237 mwa 2,472. Wa Democratic ankafunika 2,383. Manambalawa amasintha chisankho chilichonse, ndiye pezani a chaka chimenecho musanayambe kuwerengera.

Kenako funsani mmene chigawo chilichonse chimagawira nthumwi zake. A Democratic ali ndi lamulo limodzi dziko lonse: aliyense amene wafika 15 peresenti, kaya m'chigawo chonse kaya m'dera la phungu mmodzi, amalandira nthumwi molingana ndi mavoti ake. A Republican amalola zigawo kusankha zokha, ndipo zina zimapereka nthumwi zonse kwa amene watsogola. Ku South Carolina mu 2016 Donald Trump anapeza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mavoti, koma anatenga nthumwi zonse 50. Ku Florida anatenganso zonse 99.

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Kwa a Democratic mpikisano umatalika chifukwa wotsalira amapitirizabe kutola nthumwi mlungu ndi mlungu, ndiye zimaoneka ngati chipani chagawikana pomwe ndi masamu chabe. Kwa a Republican mpikisano umatha msanga, wopambana n'kuoneka ngati aliyense ali pambuyo pake, chonsecho anthu awiri mwa atatu alionse anamukana. Choncho lembani mizere inayi pa pepala: dzina la chigawo, peresenti ya mavoti, nthumwi zimene aliyense wapeza, ndi lamulo logawira. Mlungu uliwonse tengani nthumwi zimene wotsalira akusowa kuti apambane, mugawe ndi nthumwi zonse zimene sizinagawidwe. Yankho likadutsa 60 peresenti kwa a Democratic, dziwani kuti mpikisano watha ngakhale misonkhano yake ikudzaza mabwalo.

Samalaninso ndi nthumwi zimene sizichokera ku mavoti. Mu 2016 a Democratic anali ndi akuluakulu a chipani oposa 700, otchedwa superdelegates, omwe ankavotera amene akumufuna, ndipo ambiri analengeza kuti ali kwa Hillary Clinton anthu asanayambe n'komwe kuvota. Ku New Hampshire Bernie Sanders anapambana ndi 60 peresenti, n'kupeza nthumwi 15 pomwe Clinton anapeza 9, koma atawonjezera akuluakulu aja manambala anaoneka ofanana. Mkwiyo waukulu wa otsatira Sanders unayambira pa zinthu ngati zimenezi. Komabe mukachotsa akuluakuluwo, Clinton anali patsogolo ndi nthumwi 2,205 kwa 1,846, komanso ndi mavoti oposa 3 miliyoni. Dandaulo linali lomveka, koma silinali chifukwa chimene Sanders anagonjera. Mu 2018 chipanicho chinasintha lamulo, akuluakuluwo n'kuchotsedwa mphamvu yogamula pa ulendo woyamba wovota ku msonkhano waukulu.

Kuchepa kwa ovota si mphwayi nthawi zonse

Pa chipulula anthu amachepa kale. Bungwe la Pew Research Center linawerengera kuti mu 2016, chaka chimene zipani zonse ziwiri zinali pa mpikisano woopsa, anavota ndi anthu 57.6 miliyoni, omwe ndi 28.5 peresenti ya oyenera kuvota. Nambala yotsika payokha sikuuzani kanthu. Musananene kuti anthu ataya mtima, fufuzani zinthu izi.

Choyamba, ndani ankaloledwa kuvota? Zigawo zina zimalola aliyense wolembetsa kuvota pa chipulula cha chipani chimene wasankha. Zina zimalola okhawo amene analembetsa ngati mamembala. Ku New York chipulula cha 2016 chinali pa 19 Epulo, koma tsiku lomaliza losinthira chipani linali 9 Okutobala 2015. Munthu amene anakopeka ndi Sanders kapena Trump mu Febuluwale anapeza chitseko chitatsekedwa kalekale. Ku Brooklyn kokha mayina oposa 100,000 anali atafufutidwa m'kaundula.

Chachiwiri, malo oponyera voti analipo angati? Ku Maricopa County, komwe kuli mzinda wa Phoenix ku Arizona, anachepetsa malo kuchoka pa 200 kufika pa 60 pa chipulula cha 22 Malichi 2016. Anthu ena anaima pa mzere maola asanu, ena anabwerera. Wobwerera pa mzere sawerengedwa paliponse.

Chachitatu, mukuyerekeza ndi chaka chiti? Chaka chimene pulezidenti ali pampando akuimanso chiyerekezeni ndi chinzake chotero: 2024 ya a Democratic ipite ndi 2012, osati 2020 kapena 2008. Onaninso ngati chigawo sichinasinthe njira. Pa caucus, womwe ndi msonkhano wa chipani wosankhirapo mtsogoleri m'malo mwa chisankho wamba, anthu amayenera kusonkhana pa ola limodzi, kawirikawiri madzulo, n'kukhala nthawi yaitali, ndiye ogwira ntchito usiku ndi olera ana sabwera. Minnesota ndi Colorado zinasiya caucus itatha 2016, ndipo mu 2020 ovota anachuluka kwambiri chifukwa kuvota kunaphweka.

Mavoti a mkwiyo: awerengeni kawiri

Chizindikiro chodalirika kwambiri ndi cha anthu amene anavutikira kupita kukavota kuti akakane amene akutsogola. M'zigawo zina pepala lovotera limakhala ndi bokosi lolembedwa uncommitted, kutanthauza kuti wovota ali m'chipani koma sakupereka voti kwa aliyense wa opikisanawo.

Pa 27 Febuluwale 2024 ku Michigan anthu oposa 100,000 anachonga bokosi limeneli pa chipulula cha Democratic, pokwiya ndi mmene Joe Biden ankachitira pa nkhondo ya ku Gaza. Inali pafupifupi 13 peresenti. Amene ankafuna kuchepetsa nkhaniyi ankati mu 2012, Barack Obama ali pampando, bokosi lomwelo linapeza peresenti yoposa 10. Zinali zoona, koma mu 2012 anthu ake anali pafupifupi 20,000 basi. Ndiye tengani zonse ziwiri, peresenti ndi chiwerengero cha anthu, kenako muone kumene mavotiwo aunjikana. Ku Dearborn, mzinda wa ku Michigan komweko wa Aluya ambiri, uncommitted inaposa Biden yemwe. Mkwiyo wounjikana pamalo amodzi, pa nkhani imodzi, wokhala ndi atsogoleri ake, ndi wosiyana ndi mkwiyo womwazikana umene umapezeka chisankho chilichonse. Ku Minnesota patapita mlungu umodzi bokosilo linafika pafupifupi 19 peresenti n'kupata nthumwi 11.

Mtundu wina ndi mavoti opita kwa munthu amene anasiya kale mpikisano. Nikki Haley, amene ankapikisana ndi Trump ku Republican, anasiya pa 6 Malichi 2024, koma anapezabe pafupifupi 16 peresenti ku Pennsylvania mu Epulo ndi yoposa 20 ku Indiana mu Meyi. Musathamangire nambala yaikuluyo. Ku Indiana aliyense akhoza kuvota pa chipulula cha Republican, ndiye ena mwa anthuwo sanali a chipanicho. Ya ku Pennsylvania, ngakhale ndi yaing'ono, ndi imene ikulankhula, chifukwa kumeneko amavota mamembala okha. Funsaninso kuti mavoti a pa positi anayamba liti kutumizidwa. Ena amakhala ataponyedwa munthuyo asanasiye.

Msampha wina unaoneka ku Nevada pa 6 Febuluwale 2024. Bokosi lolembedwa None of These Candidates linagonjetsa Haley ndi mavoti oposa 60 peresenti. Wosadziwa akanati ovota anyansidwa ndi onse. Ayi ndithu: dzina la Trump silinali pa pepalalo chifukwa iye ankapikisana pa caucus ya chipani patatha masiku awiri, ndipo amene anachonga bokosilo ambiri anali omutsatira.

Onani zochita za wogonja

Ku Malawi tinazolowera kuti phungu akagwa pa chipulula amakaima payekha, nthawi zina n'kupambana. Ku America njira imeneyo ndi yopapatiza. Zigawo zambiri zili ndi malamulo oletsa wogonja pa chipulula kuimanso pa chisankho chachikulu (ngakhale si konse kumene amagwira pa mpando wa pulezidenti), ndipo woima payekha amafunika kusonkhanitsa masiginecha chigawo ndi chigawo masiku omaliza asanadutse. John Anderson anakwanitsa mu 1980 atachoka ku Republican, koma anathera pa mavoti osafika 7 peresenti. N'chifukwa chake kugawikana kumaonekera kwina: wogonja watenga nthawi yaitali bwanji kuti avomereze mnzake, ndipo ananena chiyani ku msonkhano waukulu?

Mu 2008 Clinton anavomereza Obama pa 7 Juni, patangopita masiku anayi chipulula chitatha. Mu 2016 Sanders anadikira mpaka 12 Julayi, ndipo kutatsala masiku atatu kuti msonkhano waukulu wa chipani wa ku Philadelphia uyambe, tsamba loulula zinsinsi la WikiLeaks linatulutsa makalata oonetsa akuluakulu ena a chipani akunyoza kampeni yake. Wapampando wa chipanicho, Debbie Wasserman Schultz, anatula pansi udindo. Kwa a Republican chaka chomwecho Ted Cruz, amene anagonja pa chipulula, anaima pa nsanja ya msonkhano waukulu ku Cleveland osatchula kuti akuvomereza Trump, anthu n'kumukuwiza. Koma Trump anapambana mu Novembala, ndiye chizindikiro ichi musachidalire chokha.

Chimagwira bwino pa pulezidenti amene ali pampando. Gerald Ford anavutitsidwa ndi Ronald Reagan mu 1976, Jimmy Carter ndi Ted Kennedy mu 1980, George H. W. Bush ndi Pat Buchanan mu 1992, ndipo onse atatu anagwa pa chisankho chachikulu. Pomasulira samalani: nthawi zambiri wopikisanayo amabwera chifukwa waona kuti pulezidentiyo wafooka kale.

Kafukufuku wa mu Epulo wonena kuti "sindidzamuvotera zivute zitani" musamutenge ngati lumbiro. Ambiri amabwerera ku chipani chawo Novembala akayandikira. Funso ndi lakuti otsalawo ali kuti, chifukwa pa chisankho chachikulu wopambana amadziwika chigawo ndi chigawo. Mu 2016 Trump anapambana ku Michigan ndi mavoti 10,704, ku Wisconsin ndi osafika 23,000, ku Pennsylvania ndi pafupifupi 44,000. Okhumudwa theka la miliyoni ku California sasintha kanthu. Okhumudwa 20,000 ku Wisconsin akhoza kugwetsa munthu.

Kwa amene muli ndi ufulu wovota kumeneko

Amavota ndi nzika zokha. Green card sikupatsani ufulu umenewu, ndipo kulembetsa kapena kuvota musanakhale nzika ndi mlandu umene ungakubwezetseni kumudzi.

Ngati ndinu nzika ndipo opikisana onse sakukukomerani, kukhala pakhomo sikuoneka m'manambala a aliyense. Miyezi ingapo chipulula chisanafike, tsegulani tsamba la ofesi ya zisankho ya chigawo chanu muone ngati dzina lanu lilipo, adiresi ndi yolondola, ndi chipani chimene munalembetsa. Onaninso tsiku lomaliza losinthira chipani, chifukwa limasiyana ndi la kalembera wamba. Tsiku lovota dzina likasowa, pemphani provisional ballot (voti imene imawerengedwa akatsimikiza kuti ndinu woyenera kuvota), musabwerere chimanjamanja. Nthawi yotseka ikakupezani pa mzere musachoke, muli ndi ufulu woponya voti.

Posankha njira yoonetsera mkwiyo, dziwani kuti sizilemera mofanana. Pepala losachonga m'zigawo zina silitchulidwa n'komwe polengeza zotsatira. Dzina lolemba pamanja m'zigawo zambiri limawerengedwa pokhapokha mwini wake atalembetsa kale ku ofesi ya zisankho. Bokosi la uncommitted, komwe lilipo, limawerengedwa, ndipo kwa a Democratic likafika 15 peresenti ngakhale m'dera la phungu mmodzi limatumiza nthumwi ku msonkhano waukulu. Umu ndi mmene Michigan inatumizira nthumwi ziwiri zotere ku msonkhano waukulu wa ku Chicago mu Ogasiti 2024, ngakhale chigawo chonse sichinafike pa 15.