Kasungidwe ka buku la masiku: mvula, nkhani ndi zokumbukira pa peji imodzi

Gulani mabuku awiri a hadikava, lililonse la mapeji osachepera 183, ndi bolopeni yabuluu kapena yakuda. Kope wamba la ana asukulu silipirira, chikuto chake chimathothoka dzinja lisanathe. Buku loyamba likhale la Okutobala mpaka Malichi, lachiwiri la Epulo mpaka Seputembala. Ndimagawa chonchi dala, kuti dzinja lonse, kuyambira pa chizimalupsa mpaka chimanga kukhwima, likhale m'buku limodzi. Mukatsata kalendala ya pakhoma, Disembala ndi Januwale amagwera m'mabuku osiyana, chikhalirecho kwa mlimi ndi nyengo imodzi.

Tsiku lililonse lipatseni peji yakeyake. Pamwamba lembani deti lokha popanda chaka: 1 Okutobala, 2 Okutobala, mpaka kumapeto, osaiwala 29 Febuluwale. Siyani mizere isanu yapamwamba, tidzaibwerera. Pansi pake, m'mphepete, lembani chaka, kenaka mizere itatu kapena inayi ya zatsikulo, basi. Chaka chamawa mudzabwerera pa peji yomweyo n'kulemba pansi pa za chaka chino. Apa ndi pamene pagona phindu lonse la bukuli. Mukatsegula pa 20 Novembala, maso anu amaona okha kuti chaka china munali mutabzala kale, chaka china nthaka inali idakali gwa.

Mzere woyamba ukhale wa nyengo, ndipo mvula muziyeza. Mawu oti "yagwa yambiri" pakapita zaka sathandiza, poti yambiri ya Novembala ndi yambiri ya Febuluwale ndi zosiyana. Pezani chitini chosachucha chokhala ndi mbali zowongoka, kukamwa kwake kofanana kukula ndi pansi pake. Ndowa siyenera, chifukwa kukamwa kwake n'kotambalala, ndiye imakunamizani. Chitinicho chiikeni pabwalo poyera, pa chitsa kapena pa mtengo wozika bwino, chisapendekeke. Chitalikirane ndi denga ndi mitengo, mtunda wake ukhale woposa kawiri kutalika kwa nyumba kapena mtengowo. Kuya kwa madzi m'chitini chotere ndiwo mamilimita a mvula, ndipo milimita imodzi ndi lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi.

Marula ambiri ali ndi kampata kusanafike pa ziro, choncho mukaviika rula mwachindunji mupeza nambala yochepa. Ine ndimaviika kamtengo kouma, kowongoka, n'kuyeza pa rula pamene panyowapo. Yezani 8 koloko m'mawa tsiku lililonse, tayani madziwo, ndipo nambalayo muilembe pa peji ya dzulo, poti mvulayo ndi ya dzulo ndi usiku wake. Mukachedwa mpaka masana, dzuwa limakhala litamwako, nkhuku nazo zamwako. Tsiku limene sikunagwe kanthu lembani 0. Musasiye pachabe. Maziro ondondozana mu Januwale ndiwo amaulula ng'amba, ndipo malo osalembedwa sadziwika ngati kunali dzuwa kapena mwini buku anali paulendo.

Pambali pa nambala onjezani zimene maso aona. Kuno ku Thondwe, pakati pa Zomba ndi Blantyre, ndimalemba tsiku loyamba la chiperoni, pamene nkhungu yaphimba mapiri ndipo kamvula kowaza sikakata tsiku lonse. Akunyanja alembe za mwera ndi mpoto, ndi masiku amene mabwato sanalowe m'madzi. Lembani tsiku limene mango achita maluwa, limene ngumbi zatuluka, limene achule ayamba kulira kudambo, limene masuku afika pamsika. Mvumbi, matalala, mphenzi imene yagwa pafupi, zonsezi zili ndi malo ake. Zolosera za a Dipatimenti Yoona Zanyengo zimene mwamva pa wailesi muzilembenso mwachidule, kuti mawa muyerekeze ndi zimene chitini chanu chanena.

Mzere wachiwiri ndi wa nkhani. Sankhani imodzi ya m'dziko kapena kunja, ndi imodzi ya pamudzi. Lamulo langa pano ndi lolimba: chimene ndaona ndekha ndimachilemba poyera, chimene ndamva ndimalemba kumene ndachimva, kaya ndi pa MBC, m'nyuzipepala kapena kwa munthu wapanjira. Za pa WhatsApp ndimadikira zitsimikizike kaye. Mphekesera ikalowa m'buku, pakatha zaka khumi mdzukulu adzaiwerenga ngati mbiri. Miseche ndi milandu ya m'mabanja a eni ake isalowemo, chifukwa bukuli lidzagwiridwa ndi manja ambiri.

Mitengo ya zinthu ndi nkhani yaikulu kuposa mmene anthu amaganizira. Kamodzi pa sabata, tsiku la msika, lembani mtengo wa ndowa ya chimanga, thumba la feteleza la makilogalamu 50, paketi ya shuga ndi minibasi yopita kutauni. Zinthu zake zikhale zomwezo nthawi zonse. Amene ankalemba chonchi pamene ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ali ndi umboni wa mmene zinthu zinakwerera pagolosale ya kwawo, sabata ndi sabata.

Zolemba za tsiku limodzi zingaoneke motere: "Lachiwiri. Mamilimita 18, inayamba cha m'ma 3 koloko masana ndi mphepo, yagwetsa nthochi kuseri. Ngumbi zatuluka madzulo. Tamaliza kubandira munda wakumtunda. Wailesi yati mlatho wakokoloka kuchigwa." Zokwanira. Mukayamba kulemba mapeji athunthu mudzatopa sabata isanathe.

Tibwerere ku mizere isanu yapamwamba ija. Imeneyo ndi ya zinthu zosasuntha. Yambani ndi masiku a dziko: 15 Januwale wa John Chilembwe, 3 Malichi wokumbukira amene anafera ufulu mu 1959, 1 Meyi wa apantchito, 14 Meyi wa Kamuzu, 6 Julayi wa ufulu wodzilamulira wa 1964, 15 Okutobala wa anakubala. Monga mphunzitsi wopuma, ndimakonda kuwonjezera kamzere kofotokoza. Pa 23 Januwale ndinalembapo kuti ndi tsiku limene kuukira kwa Chilembwe kunayamba mu 1915, poti ana ambiri amayesa kuti kunayamba pa 15. Pa 14 Juni pali referendamu ya 1993, pa 17 Meyi chisankho cha 1994, pa 10 Juni ngozi ya ndege ya ku Chikangawa ya 2024 imene inapha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, ndi anzawo. Pasaka, Eid ndi miyambo ngati Kulamba ku Mkaika kapena Mulhako wa Alhomwe kwa Chonde zimasuntha deti, choncho zilembeni m'munsi, pa mzere wa chaka chimenecho.

Mapeji a Malichi ndimawatsegula mtima uli wolemera. Napolo wa ku Phalombe anali mu Malichi 1991. Namondwe Idai anabwera mu Malichi 2019. Namondwe Freddy, amene anagumula phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, anali mu Malichi 2023. Munthu woona zimenezi zitandandalikana m'buku lake sanyozera chenjezo la namondwe mwezi umenewu, ngakhale chimanga chikuoneka kuti chatsala pang'ono kucha ndipo aliyense akuganiza kuti dzinja latha. Ngati mumakhala m'mbali mwa phiri kapena mwa mtsinje, lembaninso pamene madzi anafika, kaya ndi pa tsinde la mtengo uti kapena pa mzere uti wa njerwa.

Masiku obadwa ndi omwalira a abale nawo akhale pamwamba pomwepo, dzina ndi chaka. Mwana akabadwa lembani tsiku lomwelo, nthawi yake ndi malo, musadalire kabuku ka kusikelo kokha, poti kamatayika. Pa kalembera wa ziphaso za unzika wa 2017 tinaona agogo ambiri akusowa chonena atafunsidwa chaka chobadwa. Akuluakulu oterewa khalani nawo pansi muwafunse mwaulemu: "Agogo, pa njala ya 1949 munali msinkhu wanji? Pamene Kamuzu ankabwera mu 1958 munali mutakwatiwa?" Mukapeza chaka chongoyerekeza, lembani kuti n'chongoyerekeza, ndipo chiikeni pa peji yomaliza ya buku. Masiku a maliro amathandiza pokonza zomanga chiliza, pamene abale ayamba kutsutsana kuti malemu anatisiya liti.

Nthawi yabwino yolemba ndi madzulo mukatha kudya, nambala ya mvula yokha ndiyo ya m'mawa. Mukachoka pakhomo, siyirani mwana wodziwa kuwerenga rula, ndipo alembe dzina lake pambali. Tsiku likakudutsani osalemba, jambulani kamzere n'kupitirira, osapeka. Bukulo lisungeni m'jumbo, pamwamba, kutali ndi chiswe ndi denga lodontha, ndipo mwezi ukatha jambulani mapeji ake pa foni mutumizire m'bale mmodzi wokhala kwina.